Luso la Manja: Idziweni Mikanda Musanaitunge

(NYIMBO YOTSEGULIRA PULOGALAMU. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya Luso la Manja, pulogalamu imene timakambirana ntchito zimene manja athu angagwire pokongoletsa pakhomo ndiponso popezera kangachepe.

Lero nkhani yathu ndi mikanda. Ya m'chiuno ija tiwasiyire anamkungwi, eni ake a phunziro limenelo. Ife tikamba za mikanda yokongoletsera nyumba: ya katani ya pakhomo, ya m'mphepete mwa kansalu kovundikira jagi ya mkaka, yokutira chikho kapena botolo, yosokerera pa pilo, pa nsengwa ndi pa chogwirira cha chipande.

Ambirife tikafika m'sitolo timasankha mikanda ndi maso okha. Yawala, yafiira bwino, basi tagula. Ikangotha miyezi ingapo, yofiira ija yasuluka, ulusi waduka, ina yafumbwa. Kawirikawiri wotunga amakhala kuti sanalakwitse katungidwe, koma mkanda anauika pamalo posagwirizana ndi chimene unapangidwa nacho. Galasi, pulasitiki, mtengo, njere, dothi, pepala, mwala ndi chitsulo, chilichonse chili ndi khalidwe lake chikakumana ndi dzuwa, madzi kapena moto, ndipo chilichonse chili ndi kulemera kwake. Amene wadziwa khalidwe limenelo sataya ndalama. Khalani nafe.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tiyambe tabwerera m'mbuyo, pakuti alipo amene amayesa kuti mikanda inabwera ndi azungu. Ku phanga la Blombos, kugombe la kumwera kwa South Africa, akatswiri ofukula zakale anapeza tizigoba ta m'nyanja toboolaboola, timene anthu ankatunga zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Kwathu kuno umboni ulipo. M'chigwa cha Kasitu ku Mzimba, kuphatikizapo pa phiri la Hora, anafukula timikanda tathyathyathya topangidwa ndi zigoba za nkhono, ndipo tina mwa ito tili ndi zaka zoposa 9,000. Munthu ankaswa chigoba, n'kuboola kachidutswa, n'kukanola m'mbali pamwala mpaka kakhale kozungulira.

Ya galasi inafika pambuyo pake kudzera pa nyanja yamchere ya India. Zombo zinkaitsitsa pa madoko monga Kilwa ndi Sofala, ndipo kuchokera kumeneko inkalowa kumtunda pamitu pa anthu. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga wa Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yambiri ya galasi pamodzi ndi mapale a mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za minyanga. Ku Zambia, pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu amene ankakumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anatulukira manda a anthu amene anaikidwa atavala mikanda ya golide ndi ya galasi.

M'zaka za m'ma 1800 mikanda ya ku Ulaya inachuluka kwambiri, ndipo inkagwira ntchito ya ndalama pamodzi ndi nsalu ndi waya wa mkuwa. Apaulendo ankagulira chakudya, ndipo tisabise, m'malo ngati Nkhotakota inkagulanso minyanga ndi anthu. Koma amalonda a mikandayo anaphunzira msanga kuti makolo athu sankalandira mkanda uliwonse. Mtundu umene dera lino ankaulimbirana, dera lina ankaukana, mwini katundu n'kubwerera nawo. Kusankha mikanda mosamala ndi mwambo wakale, ndipo amene anafikapo ku Umthetho ku Hora, ku Umhlangano ku Ntcheu kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni anaona okha kuti Angoni akadausunga.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tiitenge umodziumodzi, kuyambira ya galasi. Imene timaiona kwambiri ndi ing'onoing'ono ija, yonga njere za mpiru kapena za mapira. Kapangidwe kake n'kotere: mmisiri amatenga phala lotentha la galasi, n'kusiya mpweya pakati pake, kenako n'kulikoka mpaka litalike ngati kapaipi kowonda. Likazizira amalidula tizidutswa, ndipo tizidutswato amatitenthetsanso akutigubuduza kuti m'mbali mwakuthwa muja musalale. Luso limeneli linakhwima pa chilumba cha Murano ku Venice, m'dziko la Italy, kumene boma linasamutsira osungunula galasi mu 1291 poopa kuti ng'anjo zawo zingatenthe mzinda. Pambuyo pake dera la Bohemia, makamaka tauni ya Jablonec nad Nisou, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, linayamba kupikisana nawo. Masiku ano mayina odziwika ndi Preciosa ya ku Czech komweko, komanso Miyuki ndi Toho a ku Japan, pamene yotsika mtengo yambiri imachokera ku China ndi ku India.

Kusiyana kwake kuli pa kufanana. Ya ku Japan imakhala yofanana msinkhu ndipo chibowo chake n'chachikulu, moti singano imadutsamo kangapo. Ngati mukuluka chithunzi, mbendera kapena dzina la munthu, pamene mzere uliwonse uyenera kuwongoka, imeneyo ndiyo yoyenera. Yotsika mtengo imakhala ina yonenepa, ina yowonda, ina yotsekeka chibowo. Musainyoze: pa mphonje za nsalu, pa nyama zopinda ndi waya kapena pokulunga botolo, kusiyana kumeneko sikuoneka. Ingoitsanulirani pa mbale yoyera, n'kuchotsa yopunduka musanayambe.

Pa paketi mumaona nambala ngati 6/0, 8/0, 11/0 kapena 15/0. Gwirani ichi: nambala ikakula, mkanda umachepa. Nambala 6 ndi pafupifupi mamilimita 4, nambala 8 ndi mamilimita 3, nambala 11 ndi mamilimita 2, ndipo nambala 15 ndi yochepa kuposa pamenepo. Amene mukuyamba kumene, kapena amene maso ayamba kuvuta, yambani ndi 6 kapena 8. Kansalu kovundikira jagi kamafuna 6 kapena yokulirapo, chifukwa ntchito ya mikanda pamenepo ndi kulemeretsa m'mphepete kuti mphepo isakauluze ndipo ntchentche zisapeze polowera.

Ndiye nkhani ya mtundu, pamene ambiri timapusitsidwira. Ulipo mkanda umene mtundu wake unasakanizidwa m'galasi momwemo likadali phala. Umenewo ngakhale mutauswa, m'kati ndi kunja n'chimodzimodzi, ndipo susuluka. N'chifukwa chake ya ku Mankhamba ija inatuluka m'dothi mitundu yake ikuonekabe. Ulipo wina wa galasi loyera umene anangoupaka utoto pamwamba, ndi winanso umene utoto kapena siliva anaupaka m'kati mwa chibowo. Iwiri yomalizayi imakopa maso kwambiri, koma sopo, thukuta ndi dzuwa zimaivula msanga. Yapinki yowala, yapepo ndi yooneka ngati golide ndiyo imakonda kukhala yopaka.

Kuiyesa n'kosavuta. Gulani kapaketi kamodzi kaye. Ina muiviike m'madzi a sopo usiku wonse, m'mawa muipukute ndi kansalu koyera. Ina muiike pawindo pofika dzuwa kwa sabata imodzi, kenako muifanizire ndi imene inatsala m'paketi. Kansalu kakadetsedwa kapena mtundu ukasintha, mkanda umenewo ndi wa chinthu chokhala m'kabati, chosachapidwa.

Chenjezo lina ndi la mikanda yaitali yonga timapaipi. Nsonga zake n'zakuthwa ndipo zimadula ulusi pang'onopang'ono. Ikani kamkanda kozungulira uku ndi uku kwa uliwonse kuti ulusi usakhudze pakuthwapo. Yodulidwa mbalimbali, yonyezimira, imene inatchukitsa kampani ya Swarovski imene inayamba mu 1895 ku Wattens m'dziko la Austria, ndi yodula. Iwiri kapena itatu yolendewera pawindo imakwana kumwaza kuwala m'chipinda.

Tisanachoke pa galasi, timve za anzathu a mtundu wa Krobo ku Ghana. Iwo amatola mabotolo osweka, n'kuwasinja mpaka akhale ufa, n'kusefa. Ufawo amauthira m'tizikombole tadothi, ndipo pakati pa kachikombole kalikonse amazikapo kaphesi ka tsamba la chinangwa. Akaika mu uvuni, ufa umagwirana n'kukhala mkanda, kaphesi kamapsa n'kusiya chibowo. Mikanda imeneyi imagulitsidwa pa msika wotchuka wa ku Koforidua mpaka kunja kwa Africa. Mabotolo tili nawo, chinangwa tili nacho, dothi tili nalo. Koma wofuna kuyesa adziwe kuti fumbi la galasi limawononga mapapo ndi maso. Pamafunika chophimba kumphuno ndi m'maso, komanso mtondo wakewake umene sudzasinjidwamo chakudya.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Mukumvera Luso la Manja, ndipo lero tikukamba za mitundu ya mikanda. Tafika pa ya pulasitiki, imene yadzaza m'misika yathu. Kuisiyanitsa ndi ya galasi sikufuna sukulu. Ya galasi imazizira mukaigunditsa patsaya, imalemera m'dzanja, ndipo mukaigwedeza imalira kuti ngwee. Ya pulasitiki imakhala yofunda, yopepuka, imalira mogonthera, ndipo mukaiyang'anitsitsa mumaona kamzere kozungulira pamene chikombole chinakumana.

Ubwino wake ndi kupepuka, ndipo tiwerengere limodzi kuti muone. Tinene kuti khomo lanu ndi masentimita 80 m'lifupi ndi mamita 2 kutalika. Mukamasiya masentimita 2 pakati pa zingwe, mufuna zingwe 40, ndiye kuti mamita 80 onse pamodzi. Mkanda uliwonse ukakhala wa sentimita imodzi, mufuna mikanda 8,000. Mkanda wa galasi wa msinkhu umenewo umalemera kupitirira pang'ono galamu imodzi, choncho katani yonse ifika pafupifupi makilogalamu 10. Pa khoma la zidina, misomali iwiri singapirire katundu wotero, makamaka ana akamakoka. Ya pulasitiki ingalemere theka lake, ndipo ya nsungwi kapena ya pepala ingapepuke kuposa apo. Ngati mtima uli pa galasi, itungeni motalikirana, mukumanga mfundo pansi pa uliwonse, kapena muiike kunsonga kokha kuti zingwe ziziwongoka.

Adani a pulasitiki ndi awiri. Woyamba ndi dzuwa: pakhonde kapena pawindo imasuluka, kenako imayamba kuthetheka. Wachiwiri ndi moto. Musakongoletse nayo choikapo kandulo, chophimba nyali ya parafini kapena choikapo poto wotentha. Pa nyali ya magetsi, ikani babu ya LED, imene sitentha kwambiri.

Palinso timipira tofewa timene ena amaika m'mabotolo a maluwa. Timagulidwa tili tating'ono, koma tikamwa madzi timafufuma kwambiri. Mwana akameza kamodzi, kamakafufumira m'mimba ndipo kangatseke matumbo. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, timeneti tisalowe n'komwe.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Tibwere ku zimene zimamera. Mikanda ya mtengo ndi yopepuka, chibowo chake n'chachikulu, ndipo imagwirizana ndi chingwe cha thonje kapena cha khonje pa zolendeweretsa miphika ya maluwa ndi zomangira makatani. Mlombwa umapereka mtundu wofiirira, mbawa wofiirako, phingo wakuda bii. Simufunika kugwetsa mtengo. Pitani kwa akalipentala ndi kwa osema ziboliboli, mukapemphe kapena kugula tizidutswa timene amataya. Mkungudza wa ku Mulanje wokha uleke, chifukwa watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Nsungwi zing'onozing'ono ndi bango zili kale ndi chibowo. Kungodula tizidutswa tofanana ndi sowo ya mano ang'onoang'ono, n'kukwecha nsonga, mikanda yatheka.

Mtengo umamwa chinyezi. Nthawi ya dzinja umafufuma ndi kuchita chuku, m'chilimwe umauma n'kung'aluka. Muupake vanishi kapena phula la njuchi, ndipo m'bafa musauike. Onaninso zimene anthu amapempherera. Kolona ya Akatolika ili ndi mikanda 59, tasbihi ya Asilamu ili ndi 33 kapena 99, ndipo zala zimadutsapo tsiku ndi tsiku. Ya mtengo weniweni imanka isalala ndi kuwala, koma yopaka penti imasupuka. Chimodzimodzi ndi chinthu chilichonse cha m'nyumba chimene manja amachigwiragwira.

Njere nazo ndi chuma chongotola. Za malambe, mukazitsuka n'kuchotsa ufa uja, zimakhala zofiirira ndi zolimba. Za msambamfumu n'zakuda, zovala kachipewa kofiira. Ulipo udzu wina wa m'malo a chinyezi, umene m'mabuku amautchula kuti Job's tears, wobereka timikanda totuwa, tosalala, tokhala kale ndi njira pakati, moti singano imangodutsa. Njere zambiri zimabooleka bwino zisanaumitsitse, kapena ndi kamsomali kotentha. Mdani wake ndi nankafumbwe, yemwe uja wa m'nkhokwe, ndipo nthawi zambiri amakhala ali kale m'kati. Ziwiritseni pang'ono kapena muziike mufiriji youmitsa kwa masiku angapo, kenako muziyanike ziume gwa, n'kuzipaka vanishi.

Koma tcherani khutu apa. Kalipo kambewu kofiira kowala, kokhala ndi kadontho kakuda kumutu, kobereka pa chomera choyanga chimene akatswiri amachitcha Abrus precatorius. N'kokongola, ndipo ana amakonda kukatola. M'kati mwake muli poizoni woopsa wotchedwa abrin. Chikopa chake cholimba ndicho chimatsekera poizoniyo, ndiye mukakaboola mwamutsegulira njira. Kakatafunidwa kangadwalitse koopsa ngakhale kupha kumene. Nsatsi nazonso, ndi mawangamawanga ake okongola aja, zili ndi poizoni wotchedwa ricin. Ziwirizi zisatungidwe, kaya n'zogulitsa kaya n'za pakhomo.

Ena amasirira kuyera kwa mnyanga wa njovu. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo kuno ku Malawi lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakonzedwanso mu 2017, limalola khoti kupereka chilango chofika zaka 30 kundende. Kuyera komweko mungakupeze m'fupa la ng'ombe lowiritsa ndi kuyanika bwino, kapena m'kati mwa chipatso cha mgwalangwa, mmene muli kanthu koyera, kolimba, kosemeka ndi kupukutika bwino.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Amayi oumba mbiya, mkanda wa dothi ndi wanu. Dothi lomwelo la mbiya, lokandidwa bwino ndi lopanda timiyala, muliumbe timibulu. Tikayamba kulimba koma tisanaume, tibooleni ndi kamtengo kosongoka, kuyambira mbali iyi kenako mbali inayo, kuti pakamwa pa chibowo pasagumuke. Chibowo chikhale chachikulupo, popeza dothi limanyala likamauma ndiponso likamapsa. Tikulungizeni ndi mwala wosalala monga muchitira ndi mbiya, tiumire pamthunzi, ndipo powotcha mutiike m'kamphika kuti tisasowe m'phulusa. Mkanda wosawotcha ukakumana ndi madzi umabwerera kudothi. Wowotcha saopa dzuwa kapena kutentha, koma ndi wolemera ndipo umasweka ukagwa pa simenti, choncho umayenera zokoloweka pakhoma ndi zokhazika patebulo. Amene akukayika ngati dothi lingadyetse banja amve za Kazuri ku Nairobi, m'dziko la Kenya, imene inayamba mu 1975 ndi amayi ochepa, n'kukula mpaka kulemba ntchito amayi ambiri oumba ndi kupenta mikanda ya dothi yogulitsa kunja.

Pepala ndilo losafuna mpamba. Amayi a ku Uganda anatchuka nalo kwambiri. Tengani kalendala yakale kapena magazini ya mapepala osalala. Dulani kachidutswa kooneka ngati mchira, masentimita 2 kumutu, konka kasongoka mpaka kunsonga, kotalika masentimita 30 kapena kuposa. Yambani kukulunga kumutu kotambalala pa sipoko ya njinga, molimbitsa, nsonga izikhala pakati. Pakani guluu kunsonga, vulani pa sipoko. Mukapanga yambiri, itungeni pa chingwe cha nayiloni, muiviike m'vanishi, muiyanike, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Kutalika kwa pepala ndiko kumanenepetsa mkanda, ndipo kutambalala kwa kumutu ndiko kumautalikitsa. Musathamangire kupaka vanishi wachiwiri woyamba asanaume, chifukwa mikanda imamatirirana. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale itapakidwa bwino, ya pepala ndi ya m'nyumba, kutali ndi mvula ndi madzi okolopera.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Miyala ya mtengo wapatali tili nayo. Ku Mzimba kumapezeka aquamarine ndi rose quartz, ku Ngabu m'boma la Chikwawa kuli agate wobiriwira ngati thambo, ndipo pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamatuluka ruby ndi sapphire. Ku Zambia, amethyst wa ku Mapatizya ndi emerald wa ku Lufwanyama ndi odziwika pa dziko lonse. Pa zokongoletsa nyumba sitifuna mwala wa mphete. Tizidutswa ta quartz, agate ndi amethyst, tosalazidwa ndi kuboola, n'tokwanira.

Apa ndi pamene pali chinyengo chambiri, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Galasi limagulitsidwa ngati mwala, ndipo mwala woyera wotchedwa howlite amauviika mu utoto kuti uoneke ngati turquoise. Muuyang'ane padzuwa. Mukaona timathovu ta mpweya m'kati, limenelo ndi galasi. Mukaona mtundu wadzadzana m'ming'alu ndi pakamwa pa chibowo, umenewo ndi utoto. Mikanda yonse ya pa chingwe ikafanana ndendende, kayikirani, pakuti miyala yachilengedwe imasiyanako. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, woyambira 1 kufika 10, galasi lili cha pa 5 ndi theka pamene quartz ali pa 7. Tanthauzo lake n'lakuti quartz, agate kapena amethyst weniweni amakanda botolo. Dziwaninso kuti amethyst ndi rose quartz amatuwa akakhalitsa padzuwa, ndiye pawindo si malo ake. Ndipo popeza mwala ndi wolemera ndiponso umadya ulusi, umafuna waya kapena chingwe cholimba, ndi mfundo pakati pa mkanda ndi unzake.

Ya chitsulo nthawi zambiri timaiika yochepa, yolekanitsa mitundu. Mkuwa umada pakapita nthawi, mwina n'kuchita dzimbiri lobiriwira limene limadetsa nsalu, koma madzi a mandimu ndi mchere amaubwezera kuwala. Mukatero muutsuke ndi kuupukuta uume. Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri lofiira. Yambiri yooneka ngati golide kapena siliva ndi chitsulo wamba chokutidwa pamwamba. Nyamulani maginito popita kogula. Mkanda ukamatirira, dziwani kuti m'malo a chinyezi ngati Nkhata Bay kapena Mulanje udzachita dzimbiri, ndipo pa nsalu yoyera ya patebulo dzimbiri silichoka.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Mkanda wabwino pa ulusi wolakwika ndi ntchito yobwereza. Ulusi wa thonje wosokera zovala sukhalitsa pa galasi. Ya galasi ing'onoing'ono imafuna ulusi wa nayiloni, ndipo mukaupaka phula sukodwakodwa. Chingwe cha mbedza, chimene asodzi amawedzera, n'cholimba ndipo sichioneka, koma mfundo yake imapulumuka, choncho muimange kawiri n'kudontheza guluu. Chinthu chofunika kuima chokha, ngati duwa, mbalame kapena kadengu, chimafuna waya. Ya mtengo, ya dothi ndi ya nsungwi imakhala bwino pa chingwe chonenepa chodzaza chibowo. Pa katani, mangani mfundo pakatha mikanda khumi iliyonse, kuti chingwe chikaduka isamwazike yonse.

Kumwazikako n'koopsa pakhomo pa mwana wokwawa. Mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa, m'mphuno ndi m'khutu. Zokongoletsa za mikanda zikhale pamwamba, ndipo mukamaliza kutunga sesani pamene munakhala. Mkanda ukalowa m'mphuno kapena m'khutu mwa mwana, musautokose ndi kamtengo kapena chipanera, chifukwa mungoukankhira m'kati. Thamangani naye kuchipatala.

Tsono musanatulutse ndalama, dzifunseni mafunso atatu okhudza chinthu chimene mukufuna kupanga. Kodi chidzakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto? Ngati ndi choncho, sankhani galasi la mtundu wolowerera kapena dothi lowotcha. Kodi chidzachapidwa kapena kunyowa? Pamenepo pepala, njere, mtengo ndi chitsulo chokutidwa zikhale pambali. Nanga chidzalendewera kapena kugwiridwa ndi ana? Apo ganizani za kulemera, kulimba kwa chingwe ndi kukula kwa mkanda. Inu ogulitsa, muuzeni wogula chimene mkanda unapangidwa nacho ndi kasamalidwe kake. Wogula amene katani yake yakhala zaka osasuluka ndiye amakubweretserani anzake.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tengani mikanda imene muli nayo kale, muigawe m'timbale molingana ndi chimene inapangidwa nacho, ndipo mtundu uliwonse muuyese ndi madzi a sopo ndi dzuwa monga tafotokozera. Sabata yamawa tidzaphunzira kusokerera mphonje za mikanda pa kansalu kovundikira jagi, choncho mukonzeretu kansalu ka neti, singano yowonda, ulusi wa nayiloni ndi mikanda ya galasi ya nambala 6 imene yapambana mayesowo.

(NYIMBO YOTSEKERA PULOGALAMU)